Mwapisamo chala m'tayalamo?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu a m'mawa uno ndi aja timaloweza tonse, Masalimo 139:23: "Mundisanthule, Mulungu, nimudziwe mtima wanga." Musanatuluke m'nyumba lero, pisani chala m'tayala. Mumva chifukwa chake.

Loweruka lapitali tinanyamuka anthu 11 a mumpingo mwathu pa njinga, kuchokera pa Dyeratu kupita ku msonkhano ku Nsanje boma. Tinalawira kudakali mdima kuthawa dzuwa, poti Okutobala wa kuno kuchigwa sacheza ndi munthu. Pa Nchalo tinadutsa tikuimba, nzimbe uku ndi uku. Titangopitirira Ngabu, tayala langa lakumbuyo linaphwa.

Sindinadandaule. Kumata chubu ndi ntchito yomwe ndimadzitama nayo. Ndinagadabuza njinga pansi pa mlambe, kusolola chubu, kupopa, kupaka malovu mpaka ndinaona pomwe pakuchita thovu. Kukhula, kupaka solushoni, kudikira iume, chigamba phaa. Anyamata mpaka anandiombera m'manja. Sitinapite patali, laphwanso. Ndinamata kachiwiri, uku ndikunyoza machubu a masiku ano. Kachitatu linaphwa tisanafike pa Bangula, dzuwa lili paliwombo, phula likuotcha kudutsa m'nsapato, madzi m'mabotolo atafunda ngati ofuna kupangira tiyi. Nyimbo zinali zitatha kalekale. Anzanga anakhala m'mbali mwa msewu osayankhula, ndipo kusayankhulako kunkandiwawa kuposa akanangondikalipira.

Apa ndi pomwe mkulu wina wa mpingo, bambo wa imvi amene tsiku lonse ankapalasa kumbuyo kwa tonse, anabwera n'kunjuta pafupi nane. "Mphwanga, m'tayalamo mwapisamo chala?" Ndinayankha mwamwano, Mulungu andikhululukire, kuti achikulire, njinga sindinayambe lero. Iwo sanabweze. Anatenga tayala lija, n'kumayendetsa chala m'kati mwake pang'onopang'ono, maso ali kumwamba ngati akumvetsera chinachake. Kenaka anaima. Potulutsa chala, panali kadontho ka magazi. Kamunga ka mthethe, kochepa kuposa njere ya mpunga, kanathyokera m'mphira. Kunja sikaoneka n'komwe. Koma ukangokwera, thupi n'kulemera pa tayala, kamabaya chubu mwatsopano. Mabowo onse atatu anali moyandikana, ndipo ine ndinaona zimenezo pomata kachiwiri paja, koma ndinali pa changu chofuna kuonetsa kuti ndimatha.

Anakazula ndi pini ya pa malaya. "Mukanamata mpaka zigamba kutha," anatero, n'kubwerera ku njinga yawo.

Abale, pisani chala m'tayala.

Kuyambira Loweruka lija tulo sindikutiona bwino, ndipo si chifukwa cha miyendo. Madzi a Freddy mu Malichi 2023 atakwirira malire a dimba lomwe bambo athu anatisiyira, ine ndi achimwene anga tinakangana pa mizere yochepa chabe ya mbatata. Mawu omwe ndinawayankhula tsiku limenelo sindingawalembe pano. Kuchokera apo timangopatsana moni wa pamaliro. Ndiye ndakhala ndikumata. Kusala kudya, chigamba. Mapemphero a usiku wonse, chigamba. Chopereka ndinawonjezera, chigamba china. Ulendo wa ku Nsanjewu, kunena zoona, nawonso unali chigamba. Chilichonse chimagwira sabata imodzi kapena ziwiri, mtima n'kukhuta mpweya, ndikuyenda bwinobwino. Wina angotchula dzina la achimwene pamsika, basi, fyuuu, ndaphwa.

Sindikunyoza zigamba ayi. Popanda chigamba sitikanafika. Koma ena a ife chubu chathu chafika poti mphira weniweni saonekanso, zigamba zokhazokha, ndipo tikudabwabe kuti pemphero likuphweranji msanga. Tanena msewu. Tanena satana. Tanena aneba kuti akutilodza, tasintha mpingo kawiri, abusa atisanjika manja mpaka dazi kuwala. Mayi, mpongozi wanu uja munasiya kumuyankha, mwapisamo chala? Bambo, ngongole ija mumawoloka msewu mukaona mwini wake? Inu achinyamata, zija mumafufuta pa foni musanalowe m'tchalitchi?

Chomwe chimatiletsa n'choti kupisa chala kumabaya. Mkulu uja anatuluka magazi pa munga womwe sunali wake. Davide ankadziwa kuti yekha sangaupeze, n'chifukwa chake sanati ndidzisanthula, anati mundisanthule. Ndipo nthawi zambiri Mulungu amatuma chala cha munthu amene sitikumufuna, uja wa kumbuyo, wopalasa pang'onopang'ono, yemwe timamuyankha mwamwano. Ine ndikanakonda andiuze ndi mnyamata wa kabaza wosandidziwa, tisiyane pomwepo. Koma ayi, anali munthu woti ndizionana naye Lamulungu lililonse.

China chomwe chikundichititsa manyazi n'chakuti munga unali m'tayala langa, koma padzuwa paja tinapsa anthu 11. Mlongo wina anachita chizungulire pa Tengani mpaka tinamuthira madzi kumutu. Kunyumba kwathu n'chimodzimodzi. Ana anga ndi ana a achimwene ankadyera mbale imodzi, pano amazembana ku mjigo, osadziwa n'komwe chomwe chinachitika.

Tinalowa mu Nsanje kutada, mapemphero otsegulira atatha. Tayala lija silinaphwenso, popita ngakhale pobwerera.

Kwa achimwene ndi pafupi, sipafunika n'kulawira komwe. Njinga ndaipopa kale, ili panjapa yatsamira khoma, ndipo ndakhala ndikuiyang'ana kuyambira 5 koloko. Mundipempherere ndikwere.