Mawu a M'mawa: Nkhuyu za Hezekiya

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Chinamwali kwacha ndi kachisanu, phiri labisala m'nkhungu. Tiwerenge limodzi 2 Mafumu 20:1-7.

Mfumu Hezekiya inadwala mwakayakaya. Mneneri Yesaya anafika ndi uthenga wosautsa: konza za pakhomo pako, pakuti ufa. Hezekiya anatembenukira kukhoma, napemphera, nalira kwambiri. Yesaya asanapite patali, Mulungu anamubweza kuti akauze mfumuyo: ndamva pemphero lako, ndaona misozi yako, ndikuchiritsa, tsiku lachitatu udzakwera kunyumba ya Yehova, ndipo ndikuwonjezera zaka 15.

Ambirife timalekezera pomwepa n'kuyamba nthungululu. Koma ndime 7 ilipo. Yesaya yemweyo, pakamwa pomwe panatuluka lonjezo la Mulungu, anati atenge nchinchi ya nkhuyu. Anatenga nkhuyu zouma zija, naziika pachithupsa, mfumu n'kuchira. Mulungu anali atanena kale kuti ndikuchiritsa, nanga nkhuyu zinali za chiyani? Komatu Hezekiya sananene kuti chotsani zimenezo, ine ndili ndi chikhulupiriro. Anavundukula chithupsa chake, nalola kuti amuike mankhwala.

Nkhuyu zanga ine zimakhala m'kachitini pawindo, pafupi ndi Baibulo. Ndi timatumba tiwiri ta kuchipatala, tija tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Kena anesi anachonga pansi pa mwezi, muli risperidone, ndimamwa pogona. Kenako anachonga pansi pa dzuwa, muli makapisozi a fluoxetine, ndipo wa lero ndameza kumene ndi tiyi ndisanayambe kulemba mawuwa. Ndimadwala matenda a m'maganizo amene madokotala amati schizophrenia, pamodzi ndi matenda a kukhumudwa. Ena m'gulu muno mukudziwa kale, ena mukumva lero. Ndinabisa zaka zambiri chifukwa cha manyazi, pano ndinaleka.

Anandiyamba ndili ndi zaka 23. Tulo tinangotha. Ndinkamva anthu akundijeda kuseri kwa nyumba, ndikatuluka n'kupeza kulibe munthu, koma mawuwo ndikuwamva bwinobwino ngati wailesi. Nsima ya amayi anga ondibereka ndinkaikana, ndimati athiramo kanthu. Mawu aja akachepa kunkabwera mdima wina: kugona chigonere, osasamba, osafuna kuona munthu, kulakalaka kuti kusache. Ena ankati ndalodzedwa, ena ankati ndi ziwanda, ena ankati ndi chamba pamene sindinasutepo chibadwire. Achimwene anga ndi amene analimba mtima n'kundiperekeza ku Zomba Mental Hospital.

Mukudziwa mmene anthu akutali amatchulira dzina la mzinda wathu. Wina akalankhula zosamveka amati, ameneyu ngofunika ku Zomba, n'kuseka. Ine sindiseka nawo, chifukwa kumeneko n'kumene ndinagonako tulo koyamba patatha masabata ambiri. Mu 1910, odwala ngati ine ankasungidwa mbali ina ya ndende ya Zomba, popeza mankhwala kunalibe. Chlorpromazine, mankhwala oyamba amene anathandizadi matendawa, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, ndipo chipatala chathuchi chinatsegulidwa mu 1953. Ndikaganiza kuti ndikanabadwa nthawi ya agogo awo a amayi ndikanathera m'chitolokosi, kambulu kaja ndimakalandira ndi manja awiri.

Koma ndinagwapo, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba. Nditamwa mankhwala chaka ndi miyezi ingapo, mutu unakhazikika, ndinayambiranso kukagulitsa kumsika. Tsiku lina ndinapita kumapemphero a usiku wonse kuphiri. Mlaliki wina anati aliyense amene akumwa mapiritsi sanamasulidwe, akawataye. Ndinakhulupirira ndi mtima wanga wonse. Nditafika kunyumba m'bandakucha ndinakhuthulira onse m'chimbudzi. Masabata oyamba thupi linapepuka, tulo tamasana tija tinatha, mpaka ndinaima pagulu kuchitira umboni. Apa m'pamene ambiri timanyengekera, chifukwa matendawa sabwerera tsiku lomwelo, amabwera mokwawa. Mwezi wachitatu usanathe, amayi anandipeza usiku pamsewu wopita ku Liwonde, ndili wopanda nsapato, ndikuyankhana ndi anthu amene iwo sankawaona.

Nditagonekedwanso, abusa a mpingo wathu anabwera kudzandizonda. Ndinalephera kuwayang'ana. Ndinati, "Abusa, ndiye kuti chikhulupiriro changa n'chochepa eti?" Sanandiyankhe msanga. Anatsegula Baibulo, naloza ndi chala, nati, "Chemwali, tawerengani ndime 7 iyi mokweza." Ndinawerenga lilime likulemera. Anati, "Amene anati ndikuchiritsa ndani? Nanga amene anameretsa mkuyu ndani?" Amayi anali chikhalire pansi pambali pa bedi, anangodzuka n'kundipatsa kapu ya madzi ndi mbulu zanga, amvekere, "Imwa mwanawe."

Sindikunamizani kuti nkhuyu zimenezi n'zokoma. Chlorpromazine ankandigonetsa ngati ndaledzera, kukamwa kuli gwa, ndikadzuka mofulumira chizungulire. Nthawi ina atandipatsa haloperidol khosi linauma, manja ankanjenjemera, dovu likuchucha moti ndinkayenda ndi kansalu m'manja, mpaka anandiwonjezera Artane kuti thupi limasuke. Amene ndikumwa panopa andinenepetsa, madiresi anga akale ndinagawa. Zimawawa ndithu, makamaka anthu akamakuyang'anitsitsa m'minibasi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti zonsezi n'zokauza adokotala, osati kungosiya mwakachetechete. Amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala, ndipo kwa amene amaiwalaiwala kumwa kuli jakisoni wa pamwezi wotchedwa Modecate. Fluoxetine naye amafuna kudekha. Masabata awiri oyamba sindinamve kusintha kulikonse, ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Hezekiya anadikira masiku atatu, ine ndinadikira mwezi wathunthu kuti ndiyambe kumva kukoma kwa ndiwo.

Anesi ena anandifotokozera kuti muubongo muli tinthu tonyamula mauthenga, kena dzina lake dopamine. Mwa zina, kameneka kakapitirira muyezo ubongo umayamba kulengeza zinthu zimene kulibe, ndipo mapiritsi ausiku aja ntchito yake ndi kukachepetsa mphamvu. Ubongo ndi chiwalo ngati mapapo kapena impso, umadwala. Bungwe loona zaumoyo la WHO linati mu 2022 padziko lonse anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi schizophrenia, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Tawerengani anthu amene amadzaza tchalitchi chanu Lamulungu. Mwina wina amene mumaimba naye kwaya ali ndi kachitini kake pawindo, akuopa kunena.

Kodi Mulungu sangandichiritse kotheratu? Angathe, ndipo ndimapemphabe tsiku ndi tsiku. Ikadzafika nthawi imeneyo, adokotala adzaona n'kuyamba kuchepetsa pang'onopang'ono, sindidzakhuthuliranso m'chimbudzi ayi. Inu atsogoleri a mapemphero, ndikukupemphani mwaulemu: wa shuga sitimuuza kuti ataye mankhwala, wa ma ARV tinaphunzira mowawa kuti sitiyenera kumuuza choncho. Ifenso tipempherereni, tisanjikeni manja, kenako tifunseni ngati tamwa. Usiku uja pamsewu ndikanagundidwa ndi galimoto, amene akanalira ndi amayi anga.

Ndipo inu amene mwadzuka mumdima uja, mwina mpaka maganizo ochotsa moyo wanu akukufikirani, musakhale nazo nokha lero. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, akuperekezeni kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Hezekiya analira poyang'ana khoma, koma chithupsa chake anachionetsa kwa anthu.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaona misozi ya Hezekiya, onaninso yathu. Dalitsani mbulu zimene tameza m'mawa uno ndi zimene tidzameze usiku, zigwire ntchito yake m'matupi mwathu. Kumbukirani amene agonekedwa m'mawodi kuno ku Zomba, amene manja awo akunjenjemera, ndi amene mawu aja sanawaleke usiku wathawu. Patsani mphamvu amayi, achimwene ndi achemwali amene amatisamalira, pakuti nawonso amatopa. Patsani nzeru madokotala ndi anesi, ndipo mankhwala asasowe m'zipatala zathu. Amene tsiku lake lokaonana ndi adokotala ndi lero koma alibe ya kabaza, mutumizireni womuthandiza. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.