Chimene chimagwira galimoto ya matani 18 m'kati mwa ndege

[Pa sikirini: ndege ya C-17, chitseko chakumbuyo chili chotsegula]

Moni nonse amene mukuonera. Ndege mukuionayi ndi C-17, ya asilikali a ku America. Imasenza katundu wopitirira matani 70, ndipo kasinja wa mtundu wa Abrams amalowa yense m'mimba mwakemo. Komatu kumulowetsa n'kosavuta kwenikweni. Ntchito yagona poti akalowa asasunthe ngakhale pang'ono, mpaka ndege itakatera.

Zonse zimayambira panja. Galimoto amaikweza pa sikelo, matayala akutsogolo paokha, akumbuyo paokha, kenaka amawerengera pamene pali pakati pa kulemera kwake n'kulemba chizindikiro m'mbali mwa galimotoyo. Thanki ya mafuta saidzaza, kuopa kuti angatayike ndege ikapendekeka. Kasinja amamuyalira matabwa, kuti zitsulo zimene amayendera zija zisakumbe pansi pa ndege.

Chizindikiro chija n'chimene chimauza loadmaster, mkulu woyang'anira katundu m'ndege, malo oimika galimoto. Amene munamangapo thumba la chimanga panjinga mukudziwa: likalendewera kumbuyo kwambiri, pokwera chitunda tayala lakutsogolo limanyamuka lokha. Ndege nayonso mphuno yake imadzuka chimodzimodzi, ndipo woyendetsa amalephera kuitsitsa.

[Pa sikirini: matcheni akokedwa kuchoka pa galimoto kupita m'ngowe za pansi]

Tsono tifike pa kumanga, ndipo apa ndichedwapo. Lamulo la asilikali a m'ndege a ku America limati zomangira zipirire katatu kulemera kwa katundu akamakankhikira kutsogolo, kawiri akamanyamukira m'mwamba, kamodzi ndi theka akamabwerera kumbuyo kapena m'mbali. Ndiye kuti galimoto ya matani 18 imafuna matcheni otha kugwira matani 54 ndege ikaima mwadzidzidzi. Mabuleki a galimotoyo sawawerengera n'komwe.

Matcheni akuluakulu amene amagwiritsa ntchito, lililonse limagwira makilogalamu opitirira 11,000. Koma mvetsetsani apa. Tcheni limapereka mphamvu yake yonse kumbali yokhayo imene lakokedwera. Mukalimanga mopendekera ndi madigiri 60, mphamvu yoletsa galimoto kupita kutsogolo imatsala theka basi. Mukaliimika chilili, limangopanikiza galimoto pansi, koma kuiletsa kutsetsereka ayi. N'chifukwa chake kuwerenga kuti tamanga matcheni kapena malamba angati sikuthandiza. Lamba aliyense ayenera kuwerengeredwa payekha: akukokera kuti, wapendekeka bwanji, nanga ngowe imene wakolekedwayo ingapirire zingati.

[Pa sikirini: mapu a Afghanistan, Camp Bastion ndi Bagram]

Tsono imvani zimene zimachitika kumanga kukalakwika. Pa 29 Epulo 2013, ndege ya Boeing 747 ya kampani ya National Airlines inanyamula magalimoto asanu a nkhondo ku Camp Bastion, msasa wa asilikali ku Afghanistan, ulendo wa ku Dubai. Anali magalimoto opirira mabomba okwirira pansi: atatu a mtundu wa Cougar, matani 18 iliyonse, ndi awiri a M-ATV, matani 12 iliyonse. Ndegeyi sinali ya asilikali. Inakonzedwa kuti izinyamula katundu wa pa mapaleti, mathandala osanjikapo katundu, amene amadzikhoma okha m'zotsekera za pansi. Magalimotowa anali aakulu kwambiri, choncho mapaleti awo anangoikidwa pakati osakhomedwa, n'kudalira malamba okha. Pa M-ATV iliyonse anamanga malamba 24, pa Cougar 26.

Ndege inatera pa Bagram kudzamwa mafuta. Makina ojambula mawu anasunga zimene anthu a m'ndegemo ankakambirana ali pansi: lamba mmodzi anali ataduka, ndipo katundu anali atasunthako. Apa mtima wanga umawawa, abale, chifukwa chenjezo linafika nthawi ikadalipo. Anakungitsa malamba, ananyamuka.

Mphuno itangodzuka, M-ATV yakumapeto inamasuka n'kuthamangira kumbuyo. Inaboola khoma lakumchira, inadula mapaipi a njira ziwiri za mafuta oyendetsera ziwongolero, n'kuwononga chisikuluwu chachikulu chimene chimapendeketsa timapiko takumchira. Kuyambira pamenepo panalibenso chimene oyendetsa akanachita. Ndege inakwera mochita kuima, liwiro linatha, inagwa. Anthu onse asanu ndi awiri anafera pomwepo: oyendetsa anayi, amakaniko awiri, ndi loadmaster. Kamera ya m'galimoto ina imene inkadutsa pafupi inajambula ngoziyi, koma ine sindikuonetsani chithunzicho polemekeza mabanja awo.

Bungwe la ku America lofufuza ngozi la NTSB linamaliza ntchito yake mu 2015. Kuwerengera kochokera m'mabuku a opanga ndegeyo kunasonyeza kuti M-ATV imodzi inkafunika malamba 60, osati 24, ndipo kuti ndegeyo sinkayenera kunyamula magalimoto asanu onsewo.

N'kosavuta kuloza chala loadmaster uja, koma ine ndikukana. Munthuyo anatsatira buku la kampani yake, ndipo bukulo ndi limene linali lopereŵera: silinafotokoze bwino kuti mphamvu ya lamba imachepa akapendekeka, kapena kuti ngowe zina za pansi n'zofooka kuposa zinzake. Anali atagwiranso ntchito maola pafupifupi 21. Oyendetsa ndege ali ndi chiphaso cha boma, amakaniko ali nacho, koma munthu womanga matani pafupifupi 80 kumbuyo kwawo sankafunika chiphaso chilichonse, ndipo lamulo loti apume linalibe mphamvu pa iye.

NTSB inaika mlandu pa ndondomeko zosakwanira za kampaniyo, inadzudzulanso bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, poti silinayang'anire mokwanira. Inapempha FAA kuti anthu omanga katundu wapadera ngati ameneyu aziphunzitsidwa n'kupatsidwa ziphaso, komanso aikiridwe malire a maola ogwira ntchito.