Kodi "down" ndi pansi basi? Ayi ndithu, tamverani

Moni nonse, mwaswera bwanji? Ndikudziwa kuti bandulo yakwera mtengo, ndiye sindikutayitsani nthawi. Lero tili ndi liwu limodzi lachingerezi, la zilembo zinayi zokha: down. Vidiyoyi isanathe mumva kuti kalekale liwuli linkatanthauza phiri. Eya, phiri lokwera lija. Musasunthe.

Choyamba, zimene tonse tinaphunzira ku pulayimale. Sit down, khalani pansi. Come down, tsikani. Fall down, kugwa. Chimanga chikatsika mtengo nthawi yokolola, prices are down. Apa palibe chovuta, tipitirire.

Chachiwiri, chinthu chikasiya kugwira ntchito. Mwaima pamzere kuyambira m'mawa, kenako akukuuzani kuti netiweki ili down. Simufunika dikishonale kuti mumve zimenezo, miyendo yanu yamva kale. Munthu akati "I am feeling down", ndiye kuti wakhumudwa, mtima suli m'malo.

Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ambiri mumaonera koma simudina, ndimakuonani!

Chachitatu. Apa ndiye pamene pandiwawa ine. Pali lamulo labodza limene ana asukulu amapatsirana ngati chimfine: "Ukaona down, ika pansi." Abale anga, lamulo limeneli ndi limene likukudyerani malikisi pa MSCE.

Tiyeni tiliyese. Mwafunsa njira, wina akuti "walk down this road". Msewuwo ndi wosalala ngati bwalo la mpira, palibe chitsikitsi. Mukumba? Akungoti tsatani msewu womwewu. Aphunzitsi akati "write it down", sakuti mulembe padothi, akuti lembani kuti musaiwale. "Calm down" ndi ugwireni mtima. "The house burned down", nyumba yapsa yonse, kwatsala phulusa. Nanga "turn down"? Pa wailesi ndi kuchepetsa mawu, koma "she turned him down" ndiye kuti mnyamata uja amukana, mbeta yati toto. "He let me down", wandigwiritsa fuwa lamoto. "Down payment" ndi ndalama zoyamba zimene mumapereka pogula chinthu, zina mudzamalize pambuyo. Mwa zitsanzo zonsezi, pansi mwapaona pati?

Tsopano phiri lija ndinalonjeza. M'Chingerezi chakale, zaka zoposa 1,000 zapitazo, liwu lakuti dun linkatanthauza phiri kapena chitunda. Munthu akamatsika ankati of dune, kutanthauza kuchoka paphiri. Mawuwo anapita nafupika m'kamwa mwa anthu, nkukhala adown, kenako down. Tangoganizani anthu otsika Thabwa kupita ku Chikwawa akumati "kuchokaphiri, kuchokaphiri", mpaka zidzukulu zawo zizingoti "phiri" pofuna kunena kutsika. Ndi mmene zinachitikira. Ndipo tanthauzo lakalelo silinafe. Kumwera kwa England, kufupi ndi mzinda wa Brighton, kuli zitunda zotchedwa South Downs. Amene muli ku UK, mukapita kumeneko mukakwera ma Downs, thukuta kamukamu. Kukwera, osati kutsika!

Koma chimene chinandichititsa kujambula vidiyoyi ndi ichi. Tsiku lina mu minibasi ndinamva bambo wina akufotokozera mnzake molimba mtima kuti Down syndrome, vuto lija limene ana ena amabadwa nalo, amalitchula choncho chifukwa nzeru za mwanayo zili down, zili pansi. Mtima unandipweteka, chifukwa mawu otere amafika m'makutu mwa makolo. Mvetserani bwino, ndipo mukauze ena. Down ameneyu ndi dzina la munthu. John Langdon Down anali dokotala wa ku Britain amene analemba zofotokoza za ana obadwa choncho m'chaka cha 1866. N'chifukwa chake timalemba ndi D wamkulu, monga mmene timalembera Banda kapena Phiri. Chimene chimachitika n'chakuti m'thupi mwa munthu muli tinthu totengera kwa makolo totchedwa chromosome, timakhala tiwiritiwiri, koma mwanayu amabadwa ndi titatu pa nambala 21. Izi zinadziwika mu 1959. Si ufiti, si kukhwimira, si kuti mayi analakwa mwambo wina ali ndi pakati. Tsiku lokumbukira anthu amenewa padziko lonse ndi 21 March: 21 ya nambala ija, mwezi wachitatu chifukwa cha titatu tija. Ndiye nthawi ina mukamva wina akuti mwana uja ndi wa pansi chifukwa dzina likutero, muwongoleni pomwepo, mwaulemu koma osamusiya.

Pepani ndatenthedwa pang'ono. Imwani madzi, nanenso ndimweko.

Chachinayi, mwachangu: down ndi nthenga zofewa za bakha kapena tsekwe zimene amaika m'majekete ndi m'mapilo. Limeneli ndi liwu lina, linachokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, langofanana kalembedwe.

Za maphunziro athu a Chingerezi a Loweruka aja, malo adakalipo, zonse ndalemba mmunsi mwa vidiyoyi. Amene mukulemba mayeso chaka chino musazengereze.

Chachisanu, mbali za dziko. Pa mapu kumwera kumakhala kumunsi, ndiye wopita ku Joni amati "I am going down south", ndipo Australia amaitchula Down Under. Downtown, pakati pa tauni, ndi liwu la ku America, anthu ambiri amalilumikiza ndi New York, kumene tauni yakale inali kumunsi kwa chilumba cha Manhattan. Koma a njanji ku Britain ali ndi zawozawo: sitima yopita ku London ili pa up line, yochoka ku London ili pa down line, ngakhale ikulowera kumpoto ku Scotland.

Ntchito yanu ya lero nayi. Mnzanu wakutumizirani uthenga: "Football on Saturday, are you down?" Akukufunsani chiyani, ndipo mumuyankha bwanji? Lembani yankho lanu, oyamba atatu kukhoza ndiwatchula sabata yamawa, pamene tikambirane za mnzake wa down, liwu lija lakuti up. Tionana.