Tengani pepala muone mmene ubongo umatinamizira

Eee moni nonse m'gulu muno, ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zonsezi zitenga nthawi. Pezani pepala loyera, bolopeni ndi rula, rula ikasowa zala zanu zomwezo zikwana.

Chabwino. Kumanzere kwa pepalalo jambulani kamtanda, kumanja jambulani kadontho kakuda bii kakukula ngati nyemba, pakati pawo pakhale masentimita 8, ndiye kuti zala zinayi mutazigundanitsa. Tsopano phimbani diso lakumanzere ndi chikhatho, lakumanjalo liyang'ane pa kamtanda pokhapo basi, osasuzumira ku kadontho ayi, ambiri amalakwitsa pamenepo. Yambani mkono uli wotambasula kenako muzibweretsa pepalalo kunkhope pang'onopang'ono, osathamanga. Likafika cha m'ma masentimita 30 kuchokera kumaso, kadontho kaja kangoti zii, kulibe! Mukapitiriza kusendeza katulukiranso.

Si matsenga amenewo. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kotchedwa retina komwe kuwala kumakagwera, ndiye pa kansaluko pali malo amodzi pomwe mtsempha wopita ku ubongo umatulukira, ndipo pamenepo palibe timaselo tolandira kuwala, chilichonse chogwera pamenepo diso silichiona. Aliyense ali nawo malo amenewa, diso lililonse. Anatulukira zimenezi ndi Edme Mariotte wa ku France m'zaka za m'ma 1660.

Koma mvetserani apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kadontho kaja katasowa, munaona bowo lakuda? Ayi, munaona pepala loyera bwinobwino. Kuyerako diso silinakuone, ndi ubongo womwe wayang'ana za m'mbali n'kudzazapo zofanana nazo. Kuti mutsimikize, jambulani mzere woongoka wodutsa pa kadontho kaja kuchokera pamwamba mpaka pansi, mubwerezenso monga poyamba paja, muona kadontho kasowa koma mzere uli wathunthu osaduka pena paliponse. Yesaninso pa pepala lachikasu kapena lobiriwira, pamalopo padzaza mtundu womwewo.

China chachangu chomwe ana amachikonda kwambiri, pindani pepala likhale paipi, ikani pa diso lakumanja, chikhatho chakumanzere muchigundanitse m'mbali mwa paipiyo chitayang'ana kwa inu, maso onse awiri akhale otsegula n'kuyang'ana kutali. Muona bowo pakati pa chikhatho chanu, chifukwa diso lina likutumiza chithunzi cha dzanja, lina cha bowo, ubongo n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Chonde anawo muwauze asaloze paipiyo ku dzuwa, dzuwa limawononga retina.

Nde chomwe ndavutikira kujambula mawuwa ndi ichi abale anga. Pali matenda otchedwa glaucoma omwe amawononga mtsempha uja, nthawi zambiri chifukwa cha presha ya m'diso, ndipo amayamba kudya kuona kwa m'mbali mwakachetechete, nthawi zambiri osamva kupweteka kulikonse. Ubongo umapitiriza kudzaza malo osowawo chimodzimodzi mmene wachitira pa pepalapo, diso linalo n'kumathandizira, munthu n'kumati ine ndimaona bwino, pomwe mbali yaikulu inapita kale, ndipo zomwe zapita sizibwerera. Akawapeza msanga pali mankhwala odontheza m'maso otsitsa preshayo kuti zotsalazo zisaonongeke. Ife anthu akuda matendawa amatigwira kwambiri, ndiye ngati mwadutsa zaka 40, kapena kubanja kwanu alipo amene anawadwalapo, pitani ku chipatala cha maso akakuyezeni presha komanso akaone mtsemphawo, musadikire kuti maso ayambe kuvuta. Bambo ndi mayi kumudzi muwatengenso.

Ooh, ndipo pa pepala paja muyesenso diso linalo, phimbani lakumanja, lakumanzere liyang'ane pa kadontho, ulendo uno chosowa chikhala kamtanda. Mundiuze m'gulu momwemuno zikatheka.