Madala Akundibisira Ntchito Kugalaja

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ndipo mwini wake wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti:

"Akulu apawailesi, ndinaphunzira umakaniko kusukulu ya ntchito zamanja ndipo ndatha miyezi 8 pagalaja ina kuno. Pali madala ena amene amangomvetsera kulira kwa injini n'kudziwa pamene pavuta. Koma ikafika nthawi yotsegula giyabokosi, amandituma kumsika kukagula mawashala. Pobwera ndimapeza amanga kale. Yanga ndi yotsuka mabawuti m'palafini basi. Kodi ndingosiya?"

Achimwene, musasiye. Kalata yanu yandikhudza, chifukwa miyezi 8 ya palafini m'manja si masewera. Kubisirana ntchito sindigwirizana nako ngakhale pang'ono. Komabe taganizirani za madalawo. Luso limenelo analipeza movutikira, mwina zaka zambiri akungopatsira ena sipanala. Akakuonani ndi pepala lanu lakusukulu, mtima umawauza kuti tsiku lina bwana adzati akapume. Manthawo ndi enieni.

Tsono musapite kwa iwo chimanjamanja. Magalimoto ngati Sienta ndi Vitz amene amachokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ali ndi kompyuta mkati, ndipo pansi pa chiwongolero pali kabowo kolumikizirapo kamakina kounikira zovuta. Inu achinyamata zimenezi zimakupepukirani. Ikabwera galimoto yoyatsa kanyale ka injini, itanani madalawo, muwapatse kamakinako m'manja mwawo, adine okha. Ikatuluka nambala ngati P0301, afotokozereni kuti ikunena za silinda yoyamba imene ikudumphitsa moto. Kenako funsani: "Bambo, khutu lanu likuti vuto ndi pulagi kapena koyilo?" Pajatu kamakinako kamangoloza dera, chala chenicheni amaika ndi munthu wodziwa.

Mafunso anu a giyabokosi muziwasungira nthawi ya nsima, osati pamaso pa kasitomala. Safunsa anadya phula, inde, koma wamkulu safunsidwa ngati ali pabwalo la milandu. Mukhalenso ndi kakope m'thumba la ovolosi, zimene akuuzani muzilemba tsiku lomwelo.

Ndipo inu eni magalaja amene mukumvera, kodi anyamata anu munawakhazikapo pansi kuti wina aonetse anzake galimoto imene inamuvuta sabata imeneyo? Yesani Lachisanu likubwerali musanatseke.

Achimwene a ku Ndirande, mutilemberenso pakatha mwezi, timve kuti madalawo anakalandira bwanji kamakinako. Ikatha nyimboyi tipita ku Mzuzu, kuli mayi wina telala amene akuti mnzake akumukaniza patani ya suti.