Makalata a omvera: Kodi amene sanaberekepo angakhale doula?

Takulandirani, omvera, ku gawo lathu la makalata. Chikambireni za ntchito ya doula makalata angowunjikana, ndiye musandida ngati yanu ndaiyankha mothamanga. Kwa inu amene simunamve tsiku lija, doula ndi munthu wophunzitsidwa kukhala pambali pa mayi woyembekezera, kukhala naye pa nthawi ya matenda mpaka atachira, ndiponso kumuthandiza m'masabata oyamba ali ndi khanda. Sapima, sabaya jekeseni, sachiritsa. Zimenezo ndi za azamba ndi madokotala.

Bambo ena akufunsa ngati mwamuna angakhale doula. Angathe ndithu, ndipo alipo, ngakhale ambiri ndi amayi. Koma mwini kusankha ndi wochirayo, bambo. Akakana musakwiye. Mayi ena akufunsa ngati pali yunifolomu. Palibe, mayi. Valani zoti mutha kugwada nazo pansi usiku wonse, nsapato zazitali zija zisiyeni kunyumba.

Tsopano pali kalata iyi, imene yandisowetsa mtendere. Mwini wake wapempha kuti ndisamutchule. Akuti:

"Ndakhala pabanja zaka 6 koma sindinadalitsidwe ndi mwana. Mng'ono wanga atayamba matenda ndine ndinamuperekeza kuchipatala. Anamwino anali ochepa, amayi ambiri, ndiye ndinakhala naye usiku wonse, kumusisita msana, kumumwetsa madzi, kuyenda naye. Atachira anandiuza kuti pakanapanda ine akanataya mtima. Kuyambira pamenepo ndikufuna kuphunzira za udoula. Nditawauza azakhali anga anaseka, nkunena kuti, 'Iwe ungamuuze chiyani mnzako za ululu umene sunaulawe?' Ndinalira. Kodi akunena zoona? Ndileke?"

Mwanangu, pukutani misozi kaye. Azakhaliwo ngati akumvera, ndikuwapatsa ulemu wawo, koma apa analankhula mopyola. Mawu aja sanagunde maphunziro okha, anagunda bala limene mwakhala nalo zaka 6, ndipo iwo akulidziwa bwino balalo. Si bwino, azakhali.

Yankho la funso lanu ndi lakuti musaleke. Mabungwe akuluakulu ophunzitsa ntchitoyi, monga DONA International imene inayamba mu 1992 ku America, salamula kuti munthu akhale ataberekapo. Azamba angati amene achiritsa amayi mazanamazana iwo alibe mwana? Nanga madokotala aamuna amene amachita opaleshoni, analawa liti ululuwo?

Ndipo muone kumene nkhaniyi inachokera. Madokotala awiri a ana, Marshall Klaus ndi John Kennell, pamodzi ndi anzawo, anachita kafukufuku pachipatala china ku Guatemala, zotsatira zake nkutuluka mu 1980. Amayi ena oyembekezera koyamba anawasiya monga mwa nthawi zonse, ena anawapatsa mayi wamba woti azikhala nawo osachoka. Mayi wambayo analibe mankhwala kapena chida chilichonse. Ankangolankhula nawo, kuwagwira dzanja, kuwasisita. Amene anali ndi wowakhalirayo anachira patatha maola pafupifupi 9 chifikireni kuchipatala, pamene anzawo anatenga maola oposa 19. Kafukufukuyo anali wa amayi ochepa, koma anatsegula maso a anthu. Mu 2017 bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 26 wochokera m'mayiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000, ndipo linapeza kuti mayi amene ali ndi munthu womukhalira mosalekeza amachira msanga pang'ono, safuna kwambiri mankhwala opha ululu, ndipo mwayi woti achire kudzera m'opaleshoni umachepa. Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu amene wamusankha yekha pa nthawi yonse ya matenda ndi pochira. Chimene chinathandiza amayi onsewa ndi choti munthuyo sanachoke. Inu munachita zimenezo usiku uja musanaphunzire nkomwe.

Ndinene maganizo anga, ena andida. Nthawi zina mayi amene anabereka ndi amene amavuta kuphunzitsa. Amalowa m'chipinda chochirira atasenza nkhani yake. "Ine pa mwana wanga woyamba sindinakuwe." "Ine ndinachira maola atatu okha, iwe ukuchedwa chiyani?" Mayi wa pabedi uja akufuna madzi, uyu ali kalikiliki kufotokoza mbiri ya mimba zake zisanu. Nchifukwa chake maphunziro abwino amayamba ndi kumukhazika pansi wophunzirayo kuti atule kaye nkhani yake, aisiye pakhomo, chifukwa kuchira kumene akukathandizako ndi kwa munthu wina.

Koma pamenepa ndikuchenjezeninso inuyo, mwanangu, popeza ndikukufunirani zabwino. Nanunso muli ndi nkhani yanu yoti mutule. Lidzafika tsiku khanda lidzalira koyamba, mayi wake nkulikumbatira pachifuwa, inu nkutuluka panja mtima ukuwawa chifukwa cha mwana amene mukumudikira. Si tchimo ayi. Koma mudzafunika munthu woti muzimuuza zimenezo, mlangizi wanu pa ntchitoyi kapena mnzanu wapamtima, osati mayi wochira uja. Lidzafikanso tsiku mwana adzabadwa wakufa, ndipo mudzayenera kukhalabe pompo, osathawa, osadzaza chipinda ndi mawu. Dzifunseni ngati mwakonzeka.

Mukayamba maphunziro muyembekezere izi. Pamakhala masiku angapo a m'kalasi, kumene mumaphunzira mmene matenda amayendera kuyambira zizindikiro zoyamba mpaka mwana kubadwa, kapumidwe, kakhalidwe kosiyanasiyana kochepetsa ululu, kusisita ndi kukanikiza m'munsi mwa msana, kuyamwitsa, ndiponso kumvetsera, kumene ambiri amakupeputsa. Pali mabuku owerenga. Kenako mumakakhala nawo pa kuchira kwa amayi angapo, iwo nkupereka umboni wa mmene munagwirira ntchito. Ku Britain bungwe la Doula UK, limene linayamba mu 2001, limamupatsa wophunzira mlangizi woyenda naye mpaka atakhwima. Masiku a m'kalasi ndi ochepa, chimene chimatenga nthawi ndi kuzolowera.

Kambiraninso ndi amuna anu musanayambe. Mwana sauza munthu tsiku lobwera. Masabata ozungulira tsiku loyembekezeredwa foni imagona pafupi ndi khutu, simupita kutali, ndipo mukaitanidwa pakati pa usiku mutha kubwerako mawa lake madzulo. Mabanja ena amakangana pa zimenezi. Mudzatilemberenso, tikufuna kumva kuti zakuyenderani bwanji.

Tipite kwina. Mtsikana wina akufunsa ngati udoula ndi njira yachidule yokhalira mzamba. Ayi, chemwali. Uzamba ndi sukulu ya zaka, mayeso ndi chiphaso cha boma. Ngati mtima wanu uli kumeneko, lowerani kumeneko.

Ndiye pali makalata atatu ofanana, imodzi yochokera kwa mzamba amene watopa. Akuti anthu ena operekeza amayi, ena mwa iwo odzitcha madoula, amakangana ndi anamwino, amauza mayi kuti akane opaleshoni, ena amamupatsa mankhwala mobisa kuti matenda afulumire. Apa ndilolereni ndilalikire pang'ono, ngakhale lero si Lamulungu.

Inu amene mukufuna ntchitoyi, phunziro lalikulu ndi kudziwa pamene manja anu akulekezera. Simupima njira. Simumvetsera mtima wa mwana nkunena kuti zili bwino. Simupereka mankhwala a mtundu uliwonse. Mankhwala ofulumizitsa matenda akaperekedwa mosayenera amatha kung'amba chiberekero ndi kutopetsa mwana m'mimba, ndipo anthu amafa nazo. Mzamba akanena kuti pakufunika opaleshoni, ntchito yanu si kuvomera kapena kukana m'malo mwa mayi. Ntchito yanu ndi kumuthandiza kufunsa kuti chavuta nchiyani, pali njira ina kodi, nanga tikadikira chichitike nchiyani, kenako kumugwira dzanja pa chimene wasankha. Doula amene amadziona ngati loya wobwera kudzamenyana ndi chipatala amatsekera chitseko anzake onse obwera m'mbuyo mwake. Komanso inu azamba, ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani, koma si aliyense woima pambali pa bedi amene wabwera kudzakulondani. Amene akumupukuta thukuta mayiyo wakupepuzani ntchito. Muuzeni pokhala, muuzeni zosayenera kugwira, mudzaona kuti mugwirizana.

Kalata yotsatira ikundifikitsa ku mbali ya ntchitoyi imene anthu amaiiwala, ya mayi atachira. Bambo ena akuti akazi awo anachira masabata atatu apitawa, koma amangolira, sagona ngakhale mwana atagona, ndipo akunena kuti iwo si mayi wabwino. Akufunsa ngati doula angathandize.

Bambo, mwachita bwino kuona zimenezi, ambiri saona. Kulira ndi kukhumudwa m'masiku oyamba kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Kukapitirira pamenepo kungakhale matenda a nkhawa obwera mayi atachira, amene amagwira mayi woposa mmodzi pa 10 alionse. Ndi matenda, amachizika, ndipo si ulesi kapena kusayamika. Pitani nawo kuchipatala sabata ino. Akatchula zodzipweteka kapena kupweteka mwana, pitani lero lomwe. Doula angathandize kunyumba, kumugwirira mwana kuti mayi agone, kumuonetsa kagwiridwe ka khanda pa bere kuti nsonga zisachite zilonda, kuona kuti wadya, kumumvetsera. Koma salowa m'malo mwa dokotala. Doula wophunzira bwino amadziwa kuti masabata 6 oyamba ndi oopsa, ndipo amaloweza pamtima zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Kwa mayi ndi kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kukomoka, kapena zotuluka zonunkha. Kwa khanda ndi kukana kuyamwa, kupuma mothamanga, kutentha kapena kuzizira thupi, chikasu, mchombo wofiira wotuluka mafinya.

Ndipo inu achibale, ndikuuzeni. Mukabwera kudzaona mwana mumathamangira kukangana kuti mphuno yatengera ndani, mayi uja ali pakona maso ali gwa ndi tulo, kenako nkudzuka kuti akuphikireni. Mwana sathawa ayi. Yambani mwamufunsa mayiyo kuti wagona bwanji, muchape mbale zimene mwadyerazo, ndipo musakhalitse.

Nthawi yandithera, koma iyi ndiyankhe. Mayi ena aona pa Facebook maphunziro a tsiku limodzi olonjeza satifiketi ya udoula, ndiye akufunsa ngati alipire. M'mayiko ambiri palibe lamulo loyang'anira ntchitoyi, choncho aliyense atha kusindikiza pepala lokongola. Musanatulutse ndalama, afunseni kuti wophunzitsayo wakhala nawo pa kuchira kwa amayi kwa nthawi yaitali bwanji, ngati mudzakhala ndi mlangizi mukamaliza, ngati ali ndi malamulo olembedwa a zimene doula saloledwa kuchita, ndiponso ngati zipatala za kwanuko zimawalola ophunzira awo kulowa. Akayamba kuzungulirazungulira pa mafunso amenewa, ndalama zanu zibwezereni m'thumba, mayi. Makalata otsalawa tidzawerenga sabata yamawa.