Mukufuna kampani ya ndege ikulipirireni sukulu ya upayiloti? Yambani ndi maso komanso masamu a m'mutu

(Kamera yaloza phiri, kenako ikutembenukira kwa wolankhula ataima m'mphepete mwa munda wa tiyi)

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero ndaima kuno ku Chitakale, kumbuyo kwangaku mukuliona phiri la Mulanje ngakhale chiperoni chayamba kale kuliphimba pamwambapo. Malo anowa ndasankha dala, muona chifukwa chake kutsogoloku.

Ambiri mwa inu makamaka amene mwangolemba kumene Fomu 4 mwakhala mukundifunsa kuti achimwene ine ndimafunitsitsa kuyendetsa ndege koma kwathu ndalama kulibe, nditani? Zoonadi sukulu imeneyi ndi yodula koopsa, amalipira m'madola masauzande ambirimbiri, kholo lothyola tiyi ku esiteti ngakhale litagulitsa munda ndi njinga yomwe silingaikwanitse. Koma pali njira ina imene amaitcha cadet programme, kampani ya ndege imatenga achinyamata oti sanagwirepo chiwongolero cha ndege chibadwire, nkuwalipirira sukulu, akamaliza nkuwalemba ntchito. Vuto ndi loti ofuna amakhala namtindi pomwe malo ndi ochepa zedi, komanso akalengeza sapereka nthawi yaitali yotumizira mafomu, ndiye ukamadikira kuti uyambe kukonzeka tsiku loti waona chilengezo, wachedwa kale.

Choyamba onani kaye ngati akukufunani inuyo. British Airways inayambitsa yake mu 2023, amaitcha Speedbird Pilot Academy, amalipira zonse koma amafuna munthu amene ali ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito ku UK. Makampani ambiri amatero, amayamba ndi nzika za dziko lawo, ndiye osatha bandulo kudzaza fomu yoti pamzere woyamba pomwe yakukanani kale. Ife kwathu kuno tili ndi Malawi Airlines, inayamba kuuluka mu 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines amene ali ndi sukulu yawo yaikulu ya za ndege ku Addis Ababa. Muzisuzumira pa tsamba lenileni la kampani komanso m'nyuzipepala. Munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti tumiza kangachepe ndikuikire dzina, ameneyo ndi wakuba, mblokeni.

Tsopano nkhani ya thupi, apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ambiri saidziwa. Payiloti wonyamula anthu amayenera kukhala ndi chiphaso cha chipatala chotchedwa Class 1, ndipo sapereka dokotala aliyense ayi, amakhala dokotala wovomerezedwa ndi akuluakulu oona za ndege. Amakuyeza mtima ndi makina aja a ECG, BP, mkodzo, makutu amakuveka mahedifoni nkumakuimbira timaphokoso tating'onoting'ono, kenako maso. Magalasi si mlandu, mapayiloti ambiri amavala, bola akhale oti ukavala ukuona bwinobwino. Chimene chimagwetsa anthu mosayembekezera ndi mitundu.

(Aonetsa pa foni chithunzi cha timadontho tamitundumitundu)

Mwachiona ichi? Amachitcha Ishihara, timadontho tofiira ndi tobiriwira ndipo mkati mwake mwabisala nambala. Pali anthu, makamaka ife amuna, amene anabadwa osasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira ndipo munthu amatha kukula mpaka kukwatira osadziwa. Pamene mundege mitundu ndi chilankhulo, phiko lakumanzere limayaka getsi lofiira, lakumanja lobiriwira, ndipo potera pambali pa msewu wa ndege pamakhala magetsi anayi, ukaona awiri oyera awiri ofiira ndiye kuti ukutsika bwino, onse anayi akafiira uli pansi kwambiri. Ndiye chonde musanauze mudzi wonse kuti mukukakhala payiloti, pitani kaye kwa a maso akakuoneni zimenezi, ndi bwino kudziwiratu muli kwanu kusiyana nkukamva mutadutsa kale mayeso ena onse.

Za sukulu sindichedwapo, masamu, Physics ndi Chingerezi pa MSCE zikhale zokhoza bwino, amene mudakali pasukulu limbikirani pamenepo. Satifiketi, chitupa cha unzika ndi pasipoti zikhale pafupi ndipo dzina lilembedwe chimodzimodzi ponseponse.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa mayeso a pakompyuta, chifukwa ineyo ndinagwera pomwepo. Ndinaitanidwapo kamodzi ndi kampani ina, ndinanyamuka kuno m'bandakucha pa minibasi ya ku Limbe mtima uli m'mwamba, masamu a m'kalasi ndinkawatha ndithu. Titalowa anatikhazika aliyense pa kompyuta yake, kudzanja kachiwongolero kaja amati joystick koti ndinali ndisanakagwirepo, pa sikirini kadontho kakuthawathawa iwe uzikabweza pakati, nthawi yomweyo m'makutu mawu akutchula manambala oti uwasunge, pansi pakubwera funso la masamu ndipo wotchi ikuwerenga. Kakyuleta palibe, pepala palibe. Ndinalimbana ndi funso limodzi kufuna kuti ndilipeze basi, kadontho kaja nkuthawiratu. Zinandipweteka kwa miyezi, koma ndinamvetsa chimene ankayeza, amafuna kuona ngati mutu wako ungagwire zinthu zitatu nthawi imodzi, ndiponso ngati ukalakwitsa chimodzi umatha kuchisiya nkupitiriza osasokonezeka.

Ndipo zimenezi zimaphunzirika, ngakhale kuno kumudzi. Tatembenukani muone phirili.

(Kamera ibwerera ku phiri, mtambo waphimba nsonga)

Sapitwa ali m'mitambomo, kutalika kwake ndi mamita 3,002. Koma mundege kutalika amawerenga m'mafiti, ndiye chulukitsani ndi 3.28, mupeza mafiti pafupifupi 9,850. Tsiku la chiperoni ngati lero payiloti saliona phirili ndi maso, chimene ali nacho ndi manambala basi, nchifukwa chake amafuna munthu woti manambala amamubwerera msanga. China, liwiro la ndege amaliwerenga m'ma knots, kutanthauza mamailosi a panyanja pa ola limodzi, ndege ikamathamanga ma knots 240 ndiye kuti pa mphindi imodzi ikudula mamailosi 4 a panyanja, mwangogawa ndi mphindi 60 za pa ola, ndipo mailosi imodzi yotereyi ndi makilomita 1.852. Palinso kalamulo kotsikira, pa mafiti 1,000 aliwonse umafuna mamailosi atatu, ndiye uli pa 30,000 uyambe kutsika kutatsala mamailosi 90. Muzichita zoterezi tsiku ndi tsiku, mukamagula nanazi pamsika pezani chenji wogulitsa asanatsegule pakamwa, muli pa kabaza muziwerenga chobwerera kuchoka pa 500 kumachotsa 7, mnzanu azikulankhulitsani uku mukuwerenga. Timagemu ta pafoni toyendetsa ndege kapena galimoto nato timathandiza kuti dzanja ndi diso zizimvana, pamenepa makolo mutikhululukire.

Mukadutsa apo kumabwera zokambirana pagulu ndi intavyu. Pagulupo amakupatsani vuto loti muthetse limodzi, iwo ali phee pambali kulemba. Ife tinaleredwa kuti mwana sayankha akulu akamalankhula, ulemu umenewo ndi wabwino koma ukangokhala duu amalemba kuti alibe maganizo, ndipo mundege payiloti wothandizira amayenera kumuuza kaputeni mwaulemu koma mosazungulira kuti bwana apa talakwitsa. Wolanda nkhani yonse osamvera anzake nayenso amagwa. Chingerezi chake sichofuna kutembenuza lilime ngati wobadwira ku London, bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO lili ndi magiredi 6 a Chingerezi ndipo payiloti amafunika kufika pa giredi 4, kutanthauza kumveka bwino ndi kumva msanga. Dzijambuleni pafoni mukuyankha funso loti chifukwa chiyani mukufuna ntchitoyi, mudzimvere nokha, mubwerezenso. Achemwali izi ndi zanunso, musati ndi za anyamata okha.

Akakusankhani padzabwera pepala la mgwirizano, amati bond. Ena amafuna uwagwirire ntchito zaka zingapo, ena amadula pa malipiro pang'onopang'ono, ndipo pamalembedwanso chimene chidzachitike ukalephera maphunziro pakati. Mzere umenewo muwerenge kawiri pamodzi ndi makolo kapena amalume musanasaine.

Mvula ija yayamba kuwaza, ndikusiyireni ntchito iyi, osagwira kakyuleta. Ndege ili pa mafiti 24,000 ikupita ku Chileka pa ma knots 360, iyambe kutsika kutatsala mamailosi angati, ndipo ikapanda kusintha liwiro mtunda umenewo iudula pa mphindi zingati? Yankho tiyambira pomwepo mu vidiyo yotsatira.